Malikisi a zimbale za rock: amapereka ndani, ndipo amamva ndi makutu ati?

Chiyambire Julayi 2015, zimbale zatsopano zimatuluka Lachisanu pafupifupi padziko lonse, chifukwa makampani a nyimbo adagwirizana kuti tsiku likhale limodzi. Pofika Loweruka m'mawa, chimbale chomwe oyimba adachikhetsera thukuta zaka ziwiri kapena zitatu chimakhala chitaweruzidwa kale. Tsamba lina la pa intaneti lachipatsa 8.2, nyuzipepala ina yachipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, mnyamata wina pa YouTube wachinyoza kwa mphindi khumi. Munthu wa ku London angathe kumvera yekha n'kuona ngati akunenazo n'zoona. Ife kuno ku Mangochi sizophweka choncho. Bandulo ndi yodula, netiweki m'madera ena a m'mbali mwa nyanja imachita kusakidwa, ndiye ambiri timayamba tawerenga zomwe ena anena tisanaganize zotsitsa chimbale. Mapeto ake, anthu akutali omwe sitidawaonepo ndi amene amatisankhira nyimbo zolowa m'foni. M'pofunika tsono kudziwa kuti anthuwo ndani, ntchito yawo amaigwira bwanji, ndipo makutu awo adaleredwa ndi chiyani.

Okonda rock ndi indie m'boma lino ndife ochepa, koma tilipo. Ena adazimva koyamba akugwira ntchito m'malo ogona alendo ku Cape Maclear, komwe mlendo amalumikiza foni yake ku sipika ya pa bala n'kusiya nyimbo zikuyenda mpaka pakati pa usiku. Ena adabwera nazo pochokera ku Joni. Ambiri a msinkhu wanga tidakopeka nthawi yomwe Lake of Stars inkachitikira pa Sunbird Nkopola. Chikondwererochi adachiyambitsa Will Jameson mu 2004 ku Chintheche, koma kuyambira 2009 mpaka 2011, kenako mu 2014 ndi 2015, chidali kwathu kuno. The Maccabees adaimba pa mchenga wa Nkopola mu 2009. Noisettes adabwera mu 2010, chaka chomwe kudafikanso Oliver Mtukudzi. Foals adabwera mu 2011. Sadali magulu otolatola awa. The Maccabees adadzafika pa nambala 1 ku Britain mu 2015, Foals mu 2019. Amene tidawaona pamaso tili ndi ufulu wonse woyankhulapo pa nyimbozi.

Rock aliyense amaizindikira ndi khutu: gitala yamagetsi, besi, ng'oma ndi woyimba. Indie ndiyo imafuna kufotokoza, chifukwa pachiyambi sudali mtundu wa nyimbo ayi, idali njira yochitira malonda. Msika wa nyimbo padziko uli m'manja mwa makampani atatu akuluakulu, Universal, Sony ndi Warner. Chimbale chotuluka kunja kwa makampani otere, kudzera ku kakampani koima pakokha kapena kwa oyimba eni ake, ndicho chinkatchedwa indie. Mu 1977 gulu la Buzzcocks la ku Manchester lidabwereka ndalama kwa abale ndi anzawo n'kudzitulutsira lokha kachimbale ka nyimbo zinayi, ndipo achinyamata ambiri ku Britain adaona kuti nawonso angathe. Rough Trade, yomwe idayamba ngati sitolo ya malekodi ku London mu 1976, idasanduka kampani yotulutsa ndi kugawa zimbale zotere. Ku America kudali Sub Pop ya ku Seattle, yomwe idatulutsa chimbale choyamba cha Nirvana mu 1989. Patangotha zaka ziwiri Nirvana idalowa m'kampani yaikulu, chimbale chake chachiwiri n'kugulidwa m'mamiliyoni, ndipo kuchokera pomwepo malire adasokonekera. Lero gulu likhoza kukhala pansi pa Universal anthu n'kumalitchabe indie chifukwa cha kamvekedwe ka magitala ake, pomwe Adele, yemwe zimbale zake zitatu zoyambirira zidatuluka ku XL Recordings, kampani yoima payokha, palibe amene amamuwerengera m'gululi.

Mbiri imeneyi idasiya chizolowezi m'mitu mwa ounika zimbale. Ambiri a iwo adakula akukhulupirira kuti nyimbo yeniyeni ndi yomwe sidakhudzidwe ndi ndalama zambiri, ndipo kuti chilichonse chosalala kwambiri n'chokayikitsa. Taonani zomwe zidachitikira Wet Leg, gulu lotsogozedwa ndi akazi awiri a ku Isle of Wight. Nyimbo yawo yoyamba idatuluka mu 2021, chimbale chawo choyamba chidafika pa nambala 1 ku Britain mu 2022, ndipo mu 2023 adalandira mphoto za Grammy. Kukwera msanga kotereku kudapangitsa anthu ena pa intaneti kunena kuti gululi lidachita kupangidwa ndi akuluakulu a makampani, ngakhale kuti Domino, kampani yawo, ndi yoima payokha. Mkangano wonsewo sudakhudze n'komwe funso lakuti nyimbozo n'zabwino kapena ayi. Fontaines D.C. a ku Dublin nawo atasintha kampani ndi wowajambula, n'kutulutsa Romance mu 2024, ounika ambiri adachiyamikira, koma ena mwa okonda gululi adadandaula kuti ukali wa m'zimbale zoyamba wachepa. Mukamawerenga madandaulo otere, dziwani kuti munthuyo akuteteza chikhalidwe cha kwawo, cha timabala ta ku Dublin ndi ku Manchester komwe magulu amayambira. Ndi ufulu wake kutero, koma ife tilibe chifukwa cholirira nawo maliro amenewo.

Nanga oweruzawo ndi ati? Kwa zaka zambiri mawu omaliza adali ndi magazini. NME ya ku Britain, yomwe idayamba mu 1952, inkatha kukweza gulu sabata ino n'kuligwetsa chaka chamawa, mpaka idasiya kusindikizidwa sabata ndi sabata mu 2018. Ku America kudali Rolling Stone, kuyambira 1967. Kenako kudabwera Pitchfork, tsamba lomwe Ryan Schreiber adaliyamba ali mnyamata ku Minneapolis chapakati pa zaka za m'ma 1990. Pitchfork ndiyo idazoloweretsa anthu malikisi a timadontho, kuyambira 0.0 kufika 10.0, ndipo timadonthoto timapereka chithunzi chakuti pali sikelo yeniyeni yomwe yayeza. Mphamvu yake idaoneka mu 2004. Chimbale choyamba cha Arcade Fire, gulu la ku Montreal lomwe silinkadziwika kwenikweni, chidapatsidwa 9.7, ndipo m'masabata ochepa anthu ankachisowa m'masitolo. Chaka chomwecho Travis Morrison adapatsidwa 0.0 pa chimbale chake choyamba cha payekha, ndipo ntchito yake ya zoimbaimba idagwedezeka kwambiri. Kampani ya magazini ya Condé Nast idagula tsambali mu 2015, ndipo mu Januwale 2024 idaliika pansi pa magazini ya GQ n'kuchotsa ntchito ena mwa olemba ake. Olemba akamachepa zimbale zikuchulukirachulukira, zomwe zimaunikidwa ndi zomwe zili ndi wina wozikankha.

Apa ndi pomwe pali gwero la nkhani, ndipo owerenga ambiri sapaona. Chimbale chisanatuluke, kampani imalemba ntchito munthu wofalitsa mbiri yake. Iyeyu amatumiza nyimbozo kwa atolankhani osankhidwa, pamodzi ndi kalata yofotokoza nkhani ya chimbalecho: woyimba adamwalira bambo ake, gulu lidatsala pang'ono kupasuka, adakajambulira m'khumbi la kumudzi. Wounika amamvera ali ndi nkhaniyo kale m'mutu. Ngati gulu ndi lalikulu ndipo likuopa kuti nyimbo zibedwa, nthawi zina atolankhani amazilandira kutatsala maola ochepa, kapena tsiku lomwelo ngati wina aliyense, koma mkonzi amafunabe nkhani msanga kuti tsamba lake lisatsalire. Ndiye munthu amalemba chiweruzo cha ntchito ya zaka zitatu atangoimvera kangapo. M'malo ena malikisi sakhala a wolemba yekha, akonzi amakhala ndi mawu pa nambala yomaliza. Palibe chinyengo pamenepa, ndi mmene ntchitoyo imayendera. Koma kutsitsa chimbale kapena kuchisiya pongoona nambala kuli ngati kugula chambo pongomva mtengo, osachiyang'ana m'maso kuti uone ngati chavuulidwa lero.

Eni ake amavomereza kuti nambalazi zimasuntha. Rolling Stone idanyoza chimbale choyamba cha Led Zeppelin mu 1969, chomwe lero chili m'gulu la zimbale zolemekezeka za rock. Pitchfork idapatsa Liz Phair 0.0 mu 2003 pomunena kuti wathamangira nyimbo za pawailesi. Wolembayo adadzapepesa patapita zaka zambiri, ndipo mu 2021 tsambali lidasintha malikisi a zimbale zingapo, cha Liz Phair n'kukwera kufika 6.0. Nyimbo zake zidali zomwezo. Chidasintha n'chakuti kunyoza nyimbo zokondedwa ndi anthu wamba kudachoka m'fasho.

Masiku ano nambala zachulukanso. Metacritic imasonkhanitsa maganizo a nyuzipepala zambiri n'kutulutsa nambala imodzi pa 100. Pa Rate Your Music omvera eni ake ndi amene amavota, koma ovota m'maola oyamba amakhala okonda gululo kale kapena odana nalo. Anthony Fantano, wa The Needle Drop pa YouTube, ali yekha koma achinyamata ambiri amamumvera kuposa magazini iliyonse. Palinso mantha. Wolemba akapereka malikisi otsika kwa woyimba wotchuka, omutsatira amamulalatira pa intaneti kwa masiku, ndipo nzosadabwitsa kuti zimbale zambiri zimangogwera pakati pa 6 ndi 8. Nambala yotere siuza munthu chilichonse.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa vuto lina lili m'mene timamvera. Wounika wa ku New York amakhala ndi mahedifoni abwino kapena masipika a m'nyumba, ndipo amayamba nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, monga oyimba adazisanjira. Kuno nyimbo zambiri zimadutsa m'timashopu ta obena nyimbo pa msika. Ndidaimapo pa kashopu kotere pa Mangochi boma, ka malata, kompyuta ili pa tebulo lophimbidwa ndi chitenje, sipika ili panja ikuitana anthu. Mnyamata wake amalandira memori khadi, kuilowetsa, n'kufunsa kuti, "Ankolo, tiike za uzimu, za Malawi, kapena amapiano?" Mafoda ake adawasanja potengera mtundu, osati chimbale. Nditamufunsa za rock adatsegula foda yomwe adailemba kuti za azungu. M'menemo mudali nyimbo za magulu osiyanasiyana zitasakanikirana, zina zopanda dzina la woyimba, zambiri zitafinyidwa kuti zikwane pa khadi. Nyimbo yofinyidwa chonchi ikamalira pa kasipika ka foni, besi imasowa, mbale za ng'oma zimangoti waaa, ndipo magitala awiri omwe wojambula adawaika wina kumanzere wina kumanja amasanduka phokoso limodzi. Spotify idafika m'Malawi mu 2021, koma kumvera chimbale chonse kangapo pa bandulo ya tsiku si aliyense angakwanitse. Ndiye wounika akatamanda kuti mawu a chimbale ndi otambasuka, iwe n'kumva phokoso lokhalokha, usadzikayikire. Simudamve chinthu chimodzi.

Chitsanzo chabwino ndi Songs of a Lost World cha The Cure, gulu la ku Britain, chomwe chidatuluka pa 1 Novembala 2024, choyamba cha gululi kuchokera 2008. Chili ndi nyimbo zisanu ndi zitatu zokha, ndipo pa nyimbo yoyamba pamadutsa mphindi zitatu woyimba wa gululi, Robert Smith, asanatsegule pakamwa. Ounika pafupifupi onse adachikweza, chidafika pa nambala 1 ku Britain. Ndidachipereka kwa mphwanga wina yemwe amayendetsa boti la alendo ku Chembe, ndipo adandibwezera mawu akuti, "Achimwene, nyimbo zake sizikuyamba." Sadalakwe kumva. Iye adazolowera nyimbo yomwe woyimba amalowa m'masekondi khumi, ndipo ankamvera injini ikulira. Chimbalechi adachilemba munthu wachikulire yemwe adaika m'manda makolo ake ndi mchimwene wake, ndipo kudikira kwa pachiyambiko ndi mbali ya chisonicho. Ine ndimachikonda kwambiri. Koma chomwe chidandithandiza kuchimvetsa si nyenyezi zisanu. Ndi wolemba wina yemwe adafotokoza bwinobwino chifukwa chake ng'oma zikuyenda pang'onopang'ono chonchija, ndi chomwe besi ikuchita pansi pake. Nditauza mphwangayo zimenezi adakachimveranso usiku kunyumba. Sadachikondebe chonse, koma tsopano amatha kunena kuti ndi nyimbo iti yomwe imamukhudza ndi chifukwa chake.

Zonsezi zikadakhala nkhani ya zokonda za anthu ochepa, zikadapanda kuti makina omwewa ndi amene amaweruzanso nyimbo zathu zikatuluka kunja. Esau Mwamwaya, wobadwira ku Mzuzu, ankagulitsa katundu wakale m'shopu ku London pomwe adakumana ndi ojambula nyimbo a Radioclit. Adapanga gulu la The Very Best, ndipo chimbale chawo Warm Heart of Africa cha mu 2009, chomwe adaimbamo Ezra Koenig wa Vampire Weekend ndi M.I.A., chidatamandidwa ndi masamba omwewa a indie. Mu 2016 gululi lidajambula limodzi ndi Mumford & Sons ndi Baaba Maal. Ian Brennan wa ku America adajambula Malawi Mouse Boys, omwe chimbale chawo choyamba chidatuluka mu 2012, komanso akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba, omwe chimbale chawo chidapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Madalitso Band ya Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, omwe ankaimba m'misewu ya Lilongwe, idaonekera ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo zimbale zake zimatuluka ku Bongo Joe, kakampani ka ku Geneva.

Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendowa adatsegulira oyimba athu makomo omwe kuno adali otseka. Zimenezo sindikutsutsa. Koma werengani zomwe zimalembedwa. Nkhani imayamba ndi mbewa zogulitsa m'mbali mwa msewu, ndi zipupa za ndende, ndi umphawi wa dziko, ndi chida chopangidwa pamanja. Babatoni amaifotokoza mwachidwi chonse, ndipo n'zomveka: Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amakhala pa chida chotalika ngati mamita atatu, cha waya mmodzi ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, dzanja lina likumenya waya ndi kamtengo, lina likutsetsereka ndi botolo, phazi likuponda ng'oma. Munthu woona koyamba sangalephere kudabwa. Chomwe chimasowa ndi chiweruzo cha nyimboyo. Kodi mawu ake ndi akuya kapena ndi obwerezabwereza? Kodi nyimbo yachitatu siyofanana ndi yachiwiri? Wolembayo samva Chichewa, Chitonga kapena Chiyao, ndiye amangoti nyimbozo n'zachisangalalo, ngakhale pamene woyimba akudandaula za imfa kapena za banja lomwe latha. Ndipo chizolowezi chija chokonda zosakhudzidwa ndi ndalama chimagwira ntchito pano mwamphamvu. Mmalawi wa gitala ya chigubu amamveka weniweni kwa iwo, pomwe Mmalawi wa gitala yamagetsi ndi situdiyo yabwino amaoneka ngati wotsanzira. Chiyamikiro chotere chimasankhira oyimba athu zovala ndi zida zoti akaonekere nazo kunja.

A ku Zambia akutionetsa kuti zikhoza kukhala mwina. M'zaka za m'ma 1970 kumeneko kudaphuka rock yawoyawo, yomwe imatchedwa Zamrock: WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Rikki Ililonga, Ngozi Family ya Paul Ngozi. Kenneth Kaunda adalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo ndalama za mkuwa zidathandiza kuti achinyamata a ku Copperbelt apeze magitala ndi malekodi. Mtengo wa mkuwa utagwa, kenako Edzi itatenga oyimba ambiri, nyimbozi zidazilala, mpaka kampani ya Now-Again ya ku America idayamba kuzitulutsanso. WITCH idabwerera ndi Zango mu 2023 ndi Sogolo mu 2025, ndipo zimbalezi zimaunikidwa ngati rock, poyerekeza ndi rock inzake. Mu 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, adatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977 n'kuchiika mu nyimbo yake, ndipo mamiliyoni a achinyamata adamva Chinyanja chomwe ife timachimva popanda womasulira. Mdou Moctar wa ku Niger nayenso zimbale zake za 2021 ndi 2024 zidatuluka ku Matador, kampani ya indie ya ku New York, ndipo olemba amakamba za kaimbidwe kake ka gitala ndi za ndale za m'mawu ake. Amamutenga ngati katswiri woti akhoza kutsutsidwa, ndipo umenewo ndiwo ulemu.

Kwathu rock sidamere mizu chotero, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Lamulo lounika zofalitsa la mu 1968 lidapatsa boma mphamvu yoletsa nyimbo, mpaka ina ya Simon & Garfunkel idaletsedwa chifukwa cha dzina la mkazi lomwe lidali m'menemo. Amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Wailesi idali imodzi, MBC. Wambali Mkandawire adayambira m'gulu la ku Blantyre lomwe linkasakaniza rock ndi nyimbo za makolo, koma njira yake idamutengera kwina. Zinthu zitamasuka mu 1994, chomwe chidadzaza makaseti a kwa O.G. Issa chidali reggae ya ku Balaka ya Paul ndi Lucius Banda, kenako ya ku Chileka ya Evison Matafale ndi Black Missionaries. Komabe gitala siyachilendo kwa ife. Daniel Kachamba ankaimba gitala ngati anthu awiri, Allan Namoko ankaliza banjo mwaukali woti aliyense wokonda punk, rock yothamanga ndi yaukali, angauzindikire, ndipo Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, adagwedeza TikTok atakwanitsa kale zaka 90. Tikatengera tanthauzo loyamba lija, pafupifupi woyimba aliyense m'Malawi ndi wa indie. Amalipira yekha situdiyo, amadzipangira yekha chikuto, amadzigulitsira yekha, n'kumadikira kangachepe ka ku COSOMA.

Chomwe tilibe ndi ounika. Chimbale chikatuluka kuno, nyuzipepala zimalemba za mwambo wochikhazikitsa, alendo olemekezeka omwe adabwera, ndi ndalama zomwe wina adagulira CD yoyamba. Pa Facebook pamakhala timoto ndi timitima, kapena mpikisano wakuti wamkulu ndani pakati pa uyu ndi uyo. Munthu akayerekeza kunena kuti nyimbo yachisanu ndi yofooka, amamuti ndi wansanje. Dziko ndi laling'ono, wolemba ndi woyimba amakumana pa maliro ndi pa ukwati, ndiye aliyense amasunga pakamwa. Zotsatira zake woyimba wabwino sadziwa pomwe wachita bwino, ndipo chimbale chimaiwalika pakatha mwezi chifukwa palibe adachilembapo choti munthu adzawerenge patapita zaka khumi. Izi zimandipweteka kuposa nambala iliyonse ya Pitchfork.

Ine ndikamawerenga wounika wakunja masiku ano, nambala ndimaidumpha. Ndimafuna ndione ngati akutchula malo enieni m'nyimbo, kuti pakutipakuti ng'oma zasintha kapena woyimba watsitsa mawu, moti ndingapite pomwepo n'kukamva ndekha. Ndimaona magulu omwe akuyerekeza nawo, chifukwa amandiuza komwe makutu ake adakulira. Ndimaonanso kuti ndime zingati zathera pa nkhani ya m'kalata ya kampani ija. Wolemba yemwe ndimasemphana naye nthawi zonse koma amafotokoza bwino amandithandiza kuposa yemwe timagwirizana koma amangoti chimbale n'chokoma. Mphoto nazo ndimazitenga ngati mndandanda woyambira. Mercury Prize, yomwe idayamba mu 1992, idapita kwa English Teacher a ku Leeds mu 2024 ndi kwa Sam Fender mu 2025, koma osankha ndi kagulu kochepa ka anthu a ku Britain, ndipo zimbale zake ndi za ku Britain ndi Ireland basi.

Ntchito yomweyi tingaigwire ndi zathu, ndipo m'boma lino muli pochitira. Dzimwe Community Radio ilipo, magulu a WhatsApp alipo, aphunzitsi ndi achinyamata olemba bwino Chichewa ndi Chiyao alipo. Titenge Ma Gitala, chimbale cha Madalitso Band cha mu 2025, chomwe adaonjezeramo mawu ndi zoyimbira zina m'situdiyo. Wounika wa ku Ulaya adzafunsa ngati gululi silidataye kukoma kwa mumsewu. Wa ku Mangochi ali ndi mafunso ena oti afunse. Amamva mawu onse, ndiye angathe kunena ngati malangizo a m'nyimbozo ndi atsopano kapena ndi omwe tidawamva kale pa chinkhoswe. Adakulira pa beni ndi manganje, ndiye amadziwa ng'oma ikamakoka mwendo ndi pamene ikungothamanga. Angathe kuika gitala ya zingwe zinayi ya Yosefe pambali pa banjo ya Namoko n'kuonetsa pomwe akufanana ndi pomwe Yosefe wapita njira yakeyake. Angathenso kuchiyesa pa kasipika ka foni ndi pa sipika ya m'minibasi ya ku Monkey Bay, komwe anthu ambiri adzachimvere, n'kunena nyimbo zomwe babatoni imamvekabe ndi zomwe imasowa.